A Orijino ndi Chingwe Chomatira M'khoma

Inu, tamverani, ndipo amene ali ndi foni m'manja aiike kaye m'thumba, chifukwa nkhani iyi mukaimva theka mawa mupita kukagula zomwezo. Kuli bambo ena ake amene aliyense amangowatchula kuti a Orijino. Dzina limeneli silinagwe kumwamba ayi. Akuluwa anagwira ntchito zaka makumi atatu ngati mkulu wogula katundu pa kampani ina, ndipo chilichonse chimene ankagula, kaya ndi mpando, kaya ndi babu, kaya ndi tsache, funso lawo linali limodzi: "Kodi n'cha orijino?" Kayezedwe kawo kanalinso kamodzi. Ankanyamula bokosi n'kulidumphitsa m'manja, likalemera ndiye kuti zili bwino. Zowerenga timapepala ta m'kati ankati n'za anthu osadzidalira.

Analinso ndi kamatenda kena kamene muyenera kukasunga m'mutu. Sankafuna kuona kapepala komata pa chinthu chilichonse. Akangokaona, chikhadabo chinkayabwa mpaka akamatule. Tsiku lina anamatula mapepala a zitini zonse za m'kabati, ndipo mwezi wathunthu banja lija linkatsegula zitini ngati likuchita mayere.

Akazi awo ndi telala, telala weniweni amene akakuyang'ana kamodzi wadziwa kale chiuno chako. Zaka makumi awiri ndi ziwiri mayiwa anasokera mukorido, pakati pa chitseko cha bafa ndi chitseko cha khitchini. Wopita kukasamba ankadumpha nsalu, wobwera ndi tiyi ankadumpha nsalu, ndipo makasitomala ankayesera madiresi m'bafa ataimirira pambali pa ndowa.

Ndiye mwana wawo yekhayo, wamkazi, anakwatiwa, chipinda chake n'kutsala chopanda munthu. Chipinda chabwino inu, chachitali, cha zenera lalikulu loyang'ana kotulukira dzuwa.

"Bambo," anatero mayi m'mawa mwake, "chipinda chija ndiye ndilowetsemo makina."

"Makina ati?"

"Osokera. Alipo enanso m'nyumba muno?"

"Mayi, mwachedwa. M'menemo mukhala sinema."

Musafulumire kuwaseka a Orijino. Chipumireni pa ntchito panalibe munthu amene anabwera kudzawapempha siginecha, panalibe wogogoda pa chitseko chawo n'kudikira kuti auzidwe kuti lowani. Mtima unkawawawa zenizeni. Ankafuna kamalo kamodzi kokha padziko lapansi kamene anthu adzakhale pomwe iwo aloza, rimoti ili m'manja mwawo.

Mwatsoka pamene ankakangana panali alamu awo, achimwene a mayiwa, woyendetsa malole wa mimba yaikulu ndi kuseka kogwedeza mbale. Alamuwo anati, "Aaa, musatisokose. Tipangane. Loweruka lomaliza la mwezi uno, 2 koloko masana, abale tikubwera kudzaonera kanema wa ukwati wa mwana wathu. Sinema ikaoneka, chipinda n'chanu alamu. Ikapanda kuoneka, mlongo wanga alowetsa makina."

Munthu wanzeru akanangoti chabwino n'kutseka pakamwa. Koma a Orijino pakamwa panali patatentha kale. Analowa m'chipinda muja, n'kumenya khoma lakutsogolo ndi chikhatho.

"Chithunzi chidzaoneka pakhoma ili, chachikulu ngati chitseko cha galaja! Ndipo simudzaona chingwe ngakhale chimodzi. Zolendewetsa zingwe n'za m'mabala."

"Khoma ili?" anafunsa alamu.

"Lomweli."

"Popanda chingwe chooneka?"

"Mwagontha kodi?"

Alamu anabwereka choko cha telala n'kulemba mtanda waukulu pakhomapo. "Nkhanga zinapangana kusanapse," anatero, akupukuta zala pa buluku.

Tsono kuti mumvetse, pulani inali yotere. Pulojekita, kamakina kaja koponya chithunzi pakhoma, inayenera kupachikidwa kusiling'i kumbuyo kwa chipinda. Makina a magemu, amene amawerenganso zimbale za kanema, anayenera kukhala m'kabati kutsogolo, pansi pa sikirini. Makina amenewa a Orijino ankati anagulira adzukulu, pamene mdzukulu panalibe ngakhale wa m'mimba, ndipo m'nyumba monse ankadziwa amene amathamangitsa magalimoto pa TV mayi akapita kukagula ulusi. Pakati pa zinthu ziwirizi panafunika chingwe chimodzi chonyamula chithunzi, chija amati HDMI. Chingwe chimodzi chokha basi, abale anga!

Mayi anabweretsa tepi yawo yoyezera. "Yezani ndi iyi, bambo."

"Tepi yoyezera ziuno za anthu siingayeze sinema," anayankha a Orijino. Anayeza ndi mapazi, kuchokera pakabati kufika pansi pa pulojekita, n'kupeza mamita asanu.

Kusitolo ya zamagetsi anapeza mayi wogulitsa wovala magalasi, munthu wodekha amene anaona makasitomala a mitundu yonse. A Orijino sanafune kumva zambiri. Ananyamula mabokosi limodzi limodzi mpaka anapeza lolemera koposa, m'kati mwake muli chingwe chonenepa ngati mkono wa khanda, cholukidwa kunja, mitu yake yonyezimira golide. Atafika nacho kunyumba m'pamene anakumbukira kuti chingwe sichiyenda pansi ngati iwo. Chimayenera kukwera khoma, kudutsa kudenga, n'kutsikanso pang'ono. Chinathera pakati pa siling'i penipeni, chikuyang'ana pulojekita patali. Anachikoka pang'ono kuti mwina chitalika, makina a magemu n'kuchoka m'kabati kudzatera pa chala chawo chachikulu cha kuphazi.

"Mwaitana, bambo?" anafunsa mayi ali mukorido.

"Ndikuyimba nyimbo!"

M'mawa mwake anatsimphina kubwerera kusitolo, n'kugula chinzake chonenepa chimodzimodzi ndi kachitsulo kolumikizira ziwirizo. Ulendo uno anaziyala pansi n'kuyatsa. Chithunzi chinabwera ndithu, koma chikuphethira ngati munthu walowedwa tsabola m'maso. Pena timadontho toyera tikuthwanima ponseponse, pena mdima bii, kenako n'kubwereranso. Galimoto yawo ya m'gemu ikathamanga bwinobwino, mdima, ndipo chithunzi chikabwera inali itagadabuzika kale m'ngalande.

Apa m'pamene anaitana mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo uja, amene ntchito yake ndi yokonza makompyuta. Munthu waulemu mopitirira muyeso ameneyu, woti apongozi ake atanena kuti dzuwa limatuluka kumadzulo angoti, "Mwina masiku ano zinasintha, bambo." Anagwada pansi, anayang'ana polumikiza paja, n'kutsokomola kawiri.

"Bambo, mwina mtunda watalika, ndiye polumikizapa uthenga ukutopa."

"Utopa bwanji? Ndi golide ameneyu!"

"Eya bambo, golide wabwino kwambiri. Kungoti zingwe zimenezi zili ngati munthu wopereka kalata. Kalata ikafika yafika, mawu ake sakoma chifukwa woibweretsa wavala suti. Chofunika n'chakuti chikhale chimodzi chosalumikiza, chokwana mtunda wake. Ngakhale chotchipa chimagwira."

"Ndiye ukuti apongozi ako ataya ndalama m'chimbudzi?"

"Ayi bambo, sindinatero!"

"Chotchipa chimadula kawiri, mwana wanga. Lemba pamtima."

Mkamwini analemba pamtima n'kupita kwawo.

Ulendo wachitatu, mayi wogulitsa uja atangowaona pakhomo anatulutsa kachingwe kakuda kokulungidwa m'pepala la pulasitiki. "Bambo, tengani ichi. Mamita khumi, chimodzi chosalumikiza. Tiyeni tichiyesere pompano muone."

A Orijino anachinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "Chopepuka ngati lonjezo la pa kampeni. Mulibe china cha anthu?"

Maso awo anali atagwera kale pa kabati ya galasi yokhoma ndi loko. M'menemo munali bokosi lathabwa, lopakidwa vanishi, m'kati moyalidwa nsalu yofewa ngati bokosi la maliro a munthu wolemera. Atalinyamula, linali lolemera inu! Atatsegula anakhumudwa pang'ono, pakuti chingwe chake chinali chowonda ngati chingwe cha nsapato. Koma atamva mtengo, umene ukanagula makina ena osokera atsopano, mtima unakhala pansi.

"Chimenechi chimayendetsa chithunzi ndi kuwala m'kati mwake," anafotokoza mayi wogulitsa. "Pa mtunda wautali n'chabwino zedi. Koma bambo, mumvetsetse, mitu yakeyi ndi yosiyana. Mutu uwu umapita ku..."

"Mayi, ndinayamba kugula zingwe inu mukuyamwa."

"Chabwino, koma timapepala ta kumituto musa..."

Mawuwo anathera pamsana pa chitseko.

Mwaiona kale ngoziyo, si choncho? A Orijino sanaione. Atafika kunyumba anachiyala chingwecho pa tebulo, n'kuona kuti kumutu uliwonse kuli kapepala komata, kena kofiira kena kobiriwira. Chikhadabo chinayabwa. Anamatula tonse tiwiri, n'kupukuta zomata zotsalira ndi sipiriti mpaka mitu yonse iwiri inafanana ngati mapasa.

Mayi posesa anatitola. "Bambo, timapepalati tajambulidwa zosiyana. Aka pali TV, aka pali kabokosi ndi muvi. Kodi si ngati kutsogolo ndi kumbuyo kwa diresi?"

"Mayi, za madiresi zizithera mukorido momwemo."

Mayi anapita nato mukorido. Anatibaya ndi phini pa kapilo kawo ka singano n'kupitiriza kusesa.

Kenako panabwera mmisiri womanga, bambo wa imvi zake, kudzagoba khoma kuti chingwe chibisike. Anagoba kangalande kuchokera kuseri kwa kabati, kukwera khoma, kudutsa kudenga la konkire mpaka pa pulojekita. Atamaliza anatulutsa paipi ya pulasitiki.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa a Orijino.

"Paipi, bwana. Chingwe chimadutsa m'kati. Tsiku lina chikavuta mumangochisolola n'kulowetsa china."

"Chikavuta? Ukudziwa mtengo wa chingwe chimenechi iwe? Chigone m'paipi ya kuchimbudzi? Mata choncho."

"Ndiye tiyeni tiyatse kaye tione ngati chikugwira, tisanamate."

A Orijino anamuyang'ana mmisiri uja kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Kuyesa chinthu cha orijino n'kuchitukwana."

Mmisiri anakweza mapewa, anasakaniza simenti yake, n'kumata. Anamata bwino kwabasi, moti ngakhale iye mwini sakanaloza pomwe chingwe chadutsa. Pamwamba pake panapita penti katatu. Panangotsala timitu tiwiri tikusuzumira, kena kuseri kwa kabati, kena kudenga.

Mipando inabwera isanu ndi itatu, yofiira, ya misana yaitali, ndipo a Orijino analamula kuti imangidwe pansi ndi mabawuti, poti ku sinema yeniyeni munthu sakoka mpando. Chodabwitsa n'chakuti mayi anathandiza ndi mtima wonse. Anasoka makatani akuda otchinga dzuwa, anati masoketi awiri aikidwe pansi pa zenera, anatinso pakona paikidwe shelefu yaitali. A Orijino anauza alamu awo pa foni kuti, "Mlongo wanu wagonja." Alamu anaseka mpaka foni inadzidula yokha.

Lachisanu mkamwini anabwera kudzapachika pulojekita. Ali pamakwerero ananong'ona, "Bambo, tingoyatsa mphindi imodzi yokha, palibe adziwe."

"Iyaka mawa pamaso pa anthu. Mkwatibwi savulidwa chophimba kumaso Lachisanu."

Loweruka linafika. Pofika 2 koloko mipando yonse inali itadzaza: alamu kutsogolo atatambasula miyendo, azakhali awiri a mkwatibwi, aneba, mwana wawo ndi mwamuna wake, ndipo mayi anakhala kumapeto kwenikweni manja ali pamiyendo. A Orijino anavala suti ndi tayi. Anatseka makatani, anaima kutsogolo kwa sikirini, n'kulankhula mphindi makumi awiri za chingwe chimene munthu aliyense sankachiona. Anati m'khoma limenelo mukuyenda kuwala, anati ndi chingwe chimenechi muona ngakhale ulusi wa pa batani la mkwati, anati anthu ambiri amafa osaonapo chithunzi chenicheni. Atatha anakweza rimoti m'mwamba ngati wansembe, n'kudina.

Khoma lonse linasanduka buluu. Pakona panali timawu tiwiri ta Chingerezi tonena kuti palibe chimene chikufika.

"Eee, koma buluu ameneyu ndi wa orijino," anatero alamu.

"Ikutenthetsa kaye," anayankha a Orijino.

Anadinanso. Anazimitsa n'kuyatsa. Anatulutsa mabatire a rimoti, anawaluma, n'kuwabwezera. Anagwada kuseri kwa kabati, anazula kamutu kaja, anakauzira mpweya, n'kukalowetsanso. Buluu yemweyo. Thukuta linayamba kutsika m'khosi kulowa mu kolala, ndipo azakhali amodzi anafunsa mokoma mtima ngati ukwatiwo unachitikira m'madzi.

Mkamwini anasendera pafupi, anayang'ana kamutu kaja, anaona bokosi lathabwa pa shelefu, nkhope yake n'kugwa.

"Bambo, kodi kumituku kunalibe timapepala?"

"Zinyalala zija? Ndinachotsa."

Apa mayi anadzuka mwakachetechete, anapita mukorido, n'kubwera ndi kapilo ka singano. "Kapena mukunena iti?"

Mkamwini anatiwerenga. Kuuza apongozi ako kuti alakwitsa, pamaso pa azakhali ndi aneba, si ntchito yamasewera. Anayamba ndi kuzungulira.

"Bambo, chingwechi n'chapamwamba kwambiri. Moti n'chapamwamba mwakuti chimayendetsa chithunzi mbali imodzi yokha, ngati msewu wolowera kokha. Mutu wina ndi wa makina, wina ndi wa pulojekita. Ndiye zikuoneka ngati mwina, kapena, khomali linamangidwa motembenuka."

"Khoma?"

"Kapena chingwecho, bambo."

Kenako alamu anaphulika ndi kuseka, mpando womangidwa ndi mabawuti uja mpaka unalira.

"Ndiye titani?" anafunsa a Orijino ndi mawu aang'ono.

"M'chikwama ndili ndi chingwe china chakuntchito, chotchipa chija. Tikachilendewetsa kuchoka kudenga..."

"Popanda chingwe chooneka!" anakuwa alamu. "Ndinafunsa bwinobwino ine!"

"Tisolole chili m'khomacho tichitembenuze," anatero aneba.

"Mukanakhala paipi," anayankha mkamwini, akuyang'ana pansi.

Mvula ikakuona litsiro siikata, koma a Orijino sanali munthu wogonja msanga. Chipinda chinali kuwapulumuka m'manja iwo akuona, ndipo mantha anawapatsa nzeru. Anaimirira, maso ali gwa kudenga.

"Ngati chingwe sichingatembenuke, titembenuza makina. Pulojekita itsike, magemu akwere!"

Ndipo zinachitikadi, inu, ine sindikuwonjezera. Mkamwini anakwera makwerero, anamasula pulojekita n'kuiika pakabati kutsogolo. Makina a magemu anakwera kudenga, ndipo posowa chomangira a Orijino anavula tayi ndi lamba. Makinawo analendewera pamwamba pa mitu ya azakhali, amene anayamba kupemphera chamumtima. A Orijino anagwira buluku ndi dzanja lamanzere, n'kudina rimoti ndi lamanja.

Nyimbo ya ukwati inalira, kuwala kunawalasa anthu onse m'maso, ndipo sikirini inakhala yoyera mbee. Chithunzi chinali kumbuyo kwawo.

"Chabwera!" anakuwa a Orijino. "Tembenukani!"

Atembenuka bwanji mipando ili yomanga ndi mabawuti? Anthu akuluakulu, azakhali a ulemu wawo, anagwada pamipando n'kugwira misana yake ngati ana m'basi. Atakweza maso anaona mkwati ndi mkwatibwi akulowa m'holo miyendo ili m'mwamba, mitu pansi, ngati mileme, chifukwa pulojekita ija inali itatcheredwa kuti izigwira ntchito chozondoka kudenga. Mkamwini anaigoneka chagada pakabati, ndipo banja latsopanolo linaima ndi miyendo.

Koma kunena zoona chithunzi chinali chokongola. Vuto linali lakuti khoma lakumbuyo ndi limene linali ndi chitseko. Mkwati anali pakhoma, mkwatibwi anali pachitseko, ndipo aneba atatsegula kuti apite kukataya madzi, mkwatibwi anatuluka nawo n'kukaima mukorido pamwamba pa makina osokera.

"Mwaona ulusi wa pa batani?" ankafunsa a Orijino, buluku lili m'manja. "Mwauona?"

Nthawi yomweyo kanema anafika pa malangizo a ukwati. Pachitseko panatulukira nkhope ya a Orijino eni ake, yaikulu kuyambira pansi mpaka pamwamba, chogwirira chitseko chili pamphuno. Anagwira maikolofoni, akuloza mkwati ndi chala, ndipo mawu awo anadzaza chipinda chonse kudzera m'masipika anayi amene anawapachika m'makona.

"Mkamwini wanga, m'banja usamadziyese wodziwa zonse. Mkazi wako akakutsina khutu, imva. Ukaona chinthu chimene sukuchidziwa, funsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula!"

"Bwezani pamenepo!" anakuwa alamu, misozi ili mbwembwembwe. "Mkamwini, bweza!"

Anabweza katatu. Kachitatuko azakhali ankayankhira limodzi ngati kwaya, ndipo mwana wawo anabisa nkhope pa phewa la mwamuna wake, mapewa akugwedezeka.

Kanema atatha, makatani atatsegulidwa, a Orijino anayesa komaliza. "Chithunzi chaoneka. Chingwe sichinaoneke. Khoma ndi khoma."

Mayi anafunsa modekha, mawu awo a masiku onse ofunsira kasitomala ngati akufuna manja aatali kapena aafupi. "Munamenya khoma liti, bambo?"

Alamu anapita kutsogolo n'kukweza sikirini. Penti itatu inali itaphimba choko chija, koma pamene a Orijino anayamba kupuma bwino, alamu anatulutsa foni. Anali atajambula tsiku lomwe lija: mtanda pakhoma, zenera kumanja, ndi a Orijino ataima pambali pake akumwetulira, chala chili pa mtandawo.

A Orijino anakhala pansi pa mpando wofiira. Anayang'ana penti yawo, makatani, masipika, shelefu yapakona, masoketi awiri pansi pa zenera, ndipo m'pamene anazindikira kuti masoketiwo ali pomwe pangakhale makina osokera ndi simbi. Zinawapweteka kwambiri, ndipo kanthawi ndithu palibe anaseka, ngakhale alamu.

"Mayi," anatero potsiriza, "munadziwa?"

"Ndinakufunsani, bambo. Munati za madiresi zizithera mukorido."

"Ndiye bwanji simunaumirire?"

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikuumirira mukorido muja. Ndinatopa."

Pamenepo a Orijino anaika rimoti pansi. Anadzuka, anapempha mkamwini kuti awatsitsire lamba wawo, ndipo iwo eni ndi amene ananyamula mutu wa makina osokera, alamu atagwira miyendo yake, kulowa nawo m'chipindamo.

Lero mukapita kukasoketsa, mupeza telala ali pazenera, dzuwa likuwala pa nsalu, nyimbo zikulira pansipansi m'masipika anayi. Makasitomala amadikira pamipando yofiira ya misana yaitali, amayesera zovala kuseri kwa makatani akuda, ndipo akavala amajambulitsa kutsogolo kwa sikirini yoyera ija. Anthu akuti m'dera lonselo mulibe telala wa malo apamwamba chotero. Bokosi lathabwa lija muli mabatani.

A Orijino nawo ali mukorido, pakati pa chitseko cha bafa ndi chitseko cha khitchini, pa kampando kopanda msana, ndi TV yakale ndi makina awo a magemu. Cholumikizira ndi kachingwe kotchipa ka mkamwini kaja, ndipo chithunzi chake n'choyera moti iwo safuna kuti nkhaniyo izikambidwa. Wopita kubafa amadumpha miyendo yawo, wobwera ndi tiyi amadumpha miyendo yawo.

Chingwe cha m'khoma chija chikadali momwemo, ndipo musaganize kuti chinasowa ntchito. Kamutu kakudenga kaja mayi anakapinda n'kukamanga mfundo, ndipo ndi pamene amakolekapo diresi akamapinda m'munsi mwake. Sabata yatha anapachikapo diresi la ukwati lolemera, la mikanda ndi mchira wa mamita atatu. Mwini wake atalowa anagwira pakamwa.

"Mayi, kachingwe kowonda chonchi, sikaduka?"

Telala asanatsegule pakamwa, mawu anachokera mukorido, okwiya zenizeni, pamwamba pa phokoso la galimoto yogwera m'ngalande.

"Kaduke bwanji? N'cha orijino chimenecho!"